Chimkuzamawu chikamalira, musathamangire kuda sipika

Nyengo ya maukwati ikafika, Loweruka lililonse m'midzi yozungulira minda ya tiyi ku Thyolo mumamveka zimkuzamawu. Kuyambira pa Bvumbwe mpaka ku Makwasa ndi Thekerani, anyamata obwereketsa zida amakhala kalikiliki kunyamula masipika panjinga ndi pamalole.

Mabanja ambiri amene amadalira ntchito ya m'maesiteti monga Satemwa, yomwe idakhazikitsidwa mu 1923, Conforzi, Makandi ndi Naming'omba amasunga ndalama miyezi ingapo kuti abwereke zidazi. Koma tsiku likafika, woyendetsa mwambo akamaitana akuchikazi ku perekaniperekani, mawu amatuluka osasa ngati wailesi yotha mabatire. Mwina chida chimalira mpaka amayi kutseka ana m'makutu. Pamaliro, uthenga wa amfumu sufika kwa amene akhala kumbuyo.

Ambiri amaloza chala sipika kapena jenereta. Komatu kawirikawiri gwero la vuto ndi kabatani kozungulira kamene kamakhala pamwamba penipeni pa mzere uliwonse wa mikisa, kolembedwa kuti gain kapena trim.

Nkhani yake ili motere. Maikolofoni imasandutsa mawu kukhala magetsi, koma ochepetsetsa. Mwachitsanzo, Shure SM58, yomwe idatuluka ku America mu 1966 ndipo ndi yotchuka pakati pa oyimba, imatulutsa mamilivolt pafupifupi 1.85 munthu akamalankhula mokweza ali nayo pafupi. Milivolt imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a volt, pamene batire la tochi lili ndi mavolt 1.5.

Mikisa ya akatswiri imagwira bwino ntchito magetsi a mawu akafika pa mavolt 1.23, mlingo umene m'mabuku a zidazi umalembedwa kuti +4 dBu. Choncho mphamvu ya maikolofoni iyenera kuchulukitsidwa koposa ka 600. Ntchitoyi imagwiridwa ndi kachipangizo ka mkati mwa mikisa kotchedwa preamp, ndipo batani la gain ndilo limakauza mlingo wochulukitsira.

Manambala olembedwa mozungulira batanilo ndi ma decibel, mwachidule dB, ndipo sakwera monga mmene makilogalamu amakwerera pasikelo. Pa 20 dB mphamvu imachuluka ka 10, pa 40 dB ka 100, pa 60 dB ka 1,000. N'chifukwa chake kupotoza pang'ono chabe kumasintha zinthu kwambiri.

Gain ikachepa, mawu amalowa ofooka. Mnyamata wa pamikisa amayamba kukankhira m'mwamba mabatani ena onse, ndipo pamodzi ndi mawuwo amakuzanso kaphokoso ka m'zida ndi kung'ung'uza kwa magetsi. Zili ngati tiyi wochepa masamba: ngakhale muthire shuga wambiri, sasintha mtundu.

Gain ikachuluka, vuto limakula. Preamp ili ndi malire ake, ndipo mawu akapyola pamenepo nsonga zake zimadulidwa, n'kutuluka ophwanyika. Wothyola tiyi aliyense amadziwa kuti kukanikiza masamba m'dengu lodzaza kumawawononga, ndipo fakitale singawakonzenso. Chimodzimodzi mawu: akaphwanyikira polowera, kutsitsa voliyumu kutsogolo sikuwachiritsa. Akamakankhidwa choncho mokweza kwa maola angapo, timasipika ting'onoting'ono ta mawu opyapyala timatentha n'kupsa. Apa mpamene mkangano wa ndani alipire umayambira pakati pa mwini zida ndi eni mwambo.

China chimene chimasokoneza ndi mabowo olowetsera nthambo. Bowo la mano atatu, lotchedwa XLR, ndi la maikolofoni, ndipo lolembedwa kuti line ndi la zida zimene zimatulutsa kale mphamvu yambiri monga kiyibodi, kompyuta ndi foni. Zida za m'nyumba zimatulutsa mavolt pafupifupi 0.3, omwe ndi ochuluka koposa ka 100 kuyerekeza ndi maikolofoni. Kuzilowetsa m'bowo la maikolofoni ndiye kuyamba dala chipwirikiti. Mikisa zina zili ndi batani la pad lomwe limachepetsa mphamvu yolowa, kawirikawiri ndi 20 dB kapena kuposerapo pang'ono.

Makwaya nawo ayenera kusamala. Thyolo ndi dera la mipingo yambiri, kuphatikizapo mishoni ya Malamulo ku Makwasa yomwe a Seventh Day Adventist adayamba mu 1902, ndipo pamisonkhano ya misasa ndi zikondwerero za makwaya zidazi zimafunika kwambiri. Maikolofoni za mtundu wa condenser, zomwe zimatola bwino mawu a gulu, sizigwira ntchito popanda batire kapena magetsi ochokera ku mikisa kudzera pa batani lolembedwa kuti 48V. Ena amayesa kuti maikolofoni yafa pamene batanili silidayatsidwe.

Nanga kachunidwe koyenera nkotani? Anthu asanasonkhane, tsitsani gain mpaka pansi ndipo batani lokankha la mzerewo liyikidwe pa 0. Wolankhula ayese ndi mawu amene adzagwiritse ntchito pamwambo, osati kunong'ona. Kwezani gain pang'onopang'ono mpaka magetsi obiriwira aziyaka, achikasu aziphethira mwa apo ndi apo, koma ofiira olembedwa kuti peak kapena clip asayake. Siyani mpata, chifukwa mlaliki amene wayamba modekha amakuwa uthenga ukafika pakolasa mtima.

Wogwira maikolofoni alinso ndi gawo lake. Akayiyandikitsa kukamwa ndi theka la mtunda, mphamvu yolowa imachuluka pafupifupi kawiri, kotero gain sifunika kukwezedwa. Asafumbate mutu wake ndi dzanja, ndipo asayime kutsogolo kwa sipika, chifukwa mawu otuluka amabwereranso m'maikolofoni n'kuyambitsa kulira kuja.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Banja limene likubwereka zida lili ndi ufulu wouza mwini wake kuti afike msanga ndi kuyesa maikolofoni iliyonse alendo asanakhale pansi. Mphindi 10 zoyesera zingapulumutse ndalama za sipika yatsopano, komanso ulemu wa banja pamaso pa apongozi.