Kodi kale wakuba ankalangidwadi ndi mfumu?

Usipa ukasowa pa thandala usiku padoko la Ngara, kapena wogula akapezeka ndi chigoba chokuzidwa mwachinyengo, pamamveka mawu amodzi: "Kale mafumu sankanyengerera wakuba." Dandauloli n'lomveka. Msodzi amene waberedwa ukonde wataya chakudya cha ana ake. Koma kale limene anthu amakumbukalo si limodzi.

Mabwalo a mafumu analipo kuyambira makedzana, inde. Komabe mphamvu zolembedwa m'malamulo anazilandira mu 1933, boma la atsamunda litakhazikitsa makhoti a mafumu, ndipo DC ankatha kusintha chigamulo chawo. Pa milandu ya nkhuku, mbuzi kapena ngongole yokanidwa, mwambo unkatsamira pa kubweza ndi kulipa. Woberedwa ankafuna mbuzi yake, osati kumva kuti mnansi wake ali kundende. Mwavi, umene ena amati unkagwira akuba, unali utaletsedwa kale mu 1911.

Ambiri amakhulupiriranso kuti makhoti a nthawi ya Kamuzu anali mabwalo a makolo omwewo. Ayi. Mu 1962 ntchito yoweruza inalekanitsidwa ndi ufumu, ndipo oweruza ankasankhidwa ndi boma. Mu 1969, dziko lili ndi mantha chifukwa cha kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe, makhotiwa anatchedwa achikhalidwe, ndipo akuluakulu mwa iwo anapatsidwa milandu yakupha. Woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera anagamulidwa kuti aphedwe mu 1983 m'khoti lotere. Amene akulakalaka nkhanza za masiku amenewo akumbukirenso kuti wonamiziridwa analibe pothawira, ndipo padoko podzaza alendo ngati pa Ngara, chala chimafulumira kuloza wobwera.

Makhoti akuluakulu achikhalidwe anaimitsidwa mu 1993. Lero mfumu ikhoza kuyanjanitsa anthu, koma singatseke munthu m'ndende. Milandu ya kuba ndi chinyengo imazengedwa ndi majisitireti.

Ine ndimaona kuti chimene msodzi akusowa ndi bwalo lapafupi, lobweza katundu msanga, osati chikoti. Kulipira thiransipoti ndi kusiya nyanja tsiku lonse chifukwa cha usipa wa chigoba chimodzi n'kuluza kawiri, ndiye ambiri amangosiya. Mu 2011 aphungu anavomereza lamulo lobwezeretsa makhoti ang'onoang'ono akumudzi, koma zaka zinapitirira kudutsa makhotiwo osatsegulidwa.