Gule Wofanana ndi Moni wa Pakhomo la Tchalitchi

Kuno ku Livingstone tinazolowera kuvinira alendo. Akachoka ku mathithi a Mosi-oa-Tunya malaya atanyowa, amakhala pamipando, ng'oma n'kumalira, iwo n'kumajambula. Koma Angerezi nawo ali ndi gule wakwawo, ndipo ameneyo savinira oonerera. Aliyense wolowa m'holo yovinira amavina nawo. Kuti mumumvetse, ganizani zomwe zimachitika Lamulungu mapemphero akatha ku Maramba kapena ku Dambwa.

M'mipingo yambiri abusa amatuluka koyamba n'kuima pakhomo. Wotsatira amawapatsa moni n'kuima pambali pawo. Wachitatu amapatsa moni onse awiri, naye n'kuima. Mzere ukamatalika, dzanja lako limadutsa m'manja mwa aliyense: agogo, mwana wa sukulu, mayi wa Chitonga, bambo wa Chilozi, ngakhale uja munasemphana naye mawu pamsika. Palibe amene umamulumpha.

Gule wa Angereziyu amayenda chimodzimodzi. Anthu amaima mizere iwiri moyang'anizana, aliyense ndi mnzake patsogolo pake. Awiri inu mumavina ndi awiri oyandikana nanu: kugwirana manja anayi, kuzungulira, kupatukana, kubwerera. Nyimbo ikazungulira kamodzi, mwasuntha malo. Ena akutsika mzere, ena akukwera, ndipo mukupeza nkhope zatsopano zikukudikirani. Mukafika kumapeto mumapumako pang'ono, kenaka n'kubwerera njira yomwe munadzera. Pomwe gule akutha, mwagwirana chanza ndi mzere wonse. Gule wina akamayamba, mwambo wake ndi wosankha mnzako wina, kuti pasapezeke wotsalira pakhoma.

Nanga mlendo amadziwa bwanji kopita? Kutsogolo kumaima munthu woitanira. Amayamba wawayendetsa onse popanda nyimbo, kenaka vayolini ndi piyano zikayamba, iye amatchula chochita chilichonse chisanafike, monga wotsogolera nyimbo amayambira mawu mpingo n'kulandira. Ukasokoneza phazi, dzanja la woyandikana nawe limakukokera pamalo pako, ndipo nonse mumaseka. Mawa lake palibe amakumbukira kuti unalakwitsa.

Guleyu ndi wakale. Mu 1651 John Playford wa ku London anasindikiza buku lotchedwa The English Dancing Master, momwe munali magule 105 pamodzi ndi nyimbo zake. Patapita zaka, anthu anatengeka ndi magule ovina awiriawiri, ndipo wa m'mizereyu anazilala. Cecil Sharp ndiye anafukula buku lija, nayambitsa bungwe la English Folk Dance Society mu 1911, chaka chomwe Livingstone inakhala likulu la Northern Rhodesia. Mpaka lero ku Cecil Sharp House ku London, komanso m'maholo a m'midzi ndi a mipingo, anthu amakumana madzulo a tsiku lomwe anapangana, sabata ndi sabata kapena mwezi ndi mwezi.

Mphamvu yake ili pa kubwerezaku. Moni wa Lamulungu limodzi sumanga ubale. Koma ukagwira dzanja lomwelo chaka chonse, tsiku lomwe palibe umazindikira, ndipo umafunsa kuti mayi aja ali kuti. Wamasiye amene nyumba yamukulira amapeza madzulo amodzi pomwe anthu makumi awiri amamuyang'ana m'maso akumwetulira.

Kusiyana kulipo ndithu. Moni wa patchalitchi ndi wa anthu a chipembedzo chimodzi, pomwe m'holo yovinira safunsa kumene umapemphera. Tauni ngati yathu, momwe Atonga, Alozi, Anyanja ndi alendo ochokera kutali amadutsana tsiku ndi tsiku mumsewu wa Mosi-oa-Tunya osadziwana mayina, ikufunika malo otere. Magule tili nawo kale, oimba ng'oma aliponso. Chomwe ndikulakalaka ndi madzulo amodzi pasabata pomwe mipando ya oonerera ingasunthidwire kukhoma, mlendo n'kuika kamera pansi, n'kulowa mumzere kudzagwira dzanja la yemwe amamuvinira masana.