Amayi Athupi, Musasiye Mpira Chifukwa cha Chovala

Amayi anzanga, m'gulu lathu ndaona amayi athupi akusiya mpira wa ntchemberembaye mmodzimmodzi. Mukawafunsa pagulu amanamizira mawondo. Koma tikakhala awiri amaulula kuti pothamanga mawere amapweteka, ntchafu zimasupuka, ndipo amachita manyazi.

Cholakwa si thupi lanu ayi, koma chovala. Bere lilibe mnofu woligwiriziza. Limadalira khungu ndi timitsempha basi. Nchifukwa chake mu 1977 amayi atatu a ku America, Lisa Lindahl, Polly Smith ndi Hinda Miller, adapanga kamisolo yothamangira, ndipo lero imapezeka ngakhale pa kaunjika.

Pogula, sankhani ya zingwe zotakata kuti isakuchekeni m'mapewa. Lamba wa m'munsi ndiye amasenza katundu, tsono agwire ndithu, koma zala ziwiri zizilowa. Iyeseni pamwamba pa bulauzi, mudumphe katatu. Mawere akagwedera, ibwezeni.

Poteteza ntchafu, valani kabudula wotanuka wofika m'mawondo mkati mwa siketi. Chitenje chokha chimamasuka mpira uli mkati. Mukabwerako, chapani zovalazi ndi madzi ozizira ndi kuziyanika pamthunzi, pakuti dzuwa limapha lasitiki.

Bungwe la zaumoyo la WHO limalangiza munthu wamkulu kulimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata, kuti apewe matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kodi mphindi zimenezi tizitaye chifukwa cha kamisolo? Loweruka lino tionane pabwalo.