Kuchoka pa Gitala ya Chigubu Kufika pa Besi Yogwedeza Holo

Gitala ya mnyamata wa ku Balaka m'zaka za m'ma 1970 inkachokera kudzala. Thupi lake linali chigubu cha mafuta chobonyoka mbali imodzi, khosi lake thabwa losemedwa ndi chikwanje, nsambo zake waya wa buleki ya njinga. Pochuna ankapotokola msomali, koma msomaliwo unkabwerera wokha nyimbo isanafike pakati. Ng'oma zinali zitini zokutidwa ndi chikopa cha mbuzi, chofuna kuwamba pamoto wa mapesi kuti chilire, ndipo mame akangoyamba kugwa chinkafooka. Pambali ankatunga zitsekerero za mabotolo a Fanta ku waya kuti zizichita tseketseke. Besi inali chibokosi cha nsambo imodzi, mwini wake atachikhalira, botolo lili m'manja.

Nanga kaimbidwe kake! Mtima unalipo wochuluka, koma aliyense ankathamangira kwake. Wang'oma akaona atsikana ayamba kuvina ankawonjezera liwiro, wagitala n'kumuthamangira, woyimba n'kutsala m'mbuyo mpweya utamuthera. Nsambo ikaduka, phwando linkaima mpaka wina akapemphe waya kwa wokonza njinga. Balaka yeniyeniyo inali kamzinda ka sitima ndi thonje, mbali chabe ya boma la Machinga, popeza idakhala boma palokha mu 1998. Palibe amene akadalota kuti dzina lake lidzakhala dzina la mtundu wa nyimbo.

Zinthu zidatembenuka mu 1978, pamene pa parishi ya St Louis Montfort padabadwa Alleluya Band, mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici, wansembe wa chipani cha Montfort wochokera ku Italy. Anyamata a m'midzi yozungulira, pakati pawo a Paul Banda, adagwira zida zenizeni. Tayerekezani chimwemwe cha chala chozolowera waya wadzimbiri chikukhudza nsambo yosalala, mawu n'kutulukira uko pa sipika! Komabe chida chamagetsi chilibe chisoni: cholakwika chimene chigubu chinkabisa, sipika imachilengeza mpaka kumsika.

Apa m'pamene padagona ntchito. Sukulu ya oimba a nthawi imeneyo inali khutu. Ankadikira nyimbo pa wayilesi ya MBC, mabatire atawayanika padzuwa masana onse kuti apeze kamphamvu. Makaseti atabwera, ankabweza tepi ndi cholembera cha Bic, kumvetsera kachigawo kamodzi mpaka tepiyo kutafunika. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Potengera nyimbo za ena, reggae ya ku Jamaica, rumba ya ku Zaire, mbaqanga ya ku Joni ndi funk ya ku America, oimba a m'dera lino la Africa adatulukira chinsinsi chimodzi: nyimbo imaima pa wang'oma ndi wabesi.

Palibe nyimbo yophunzitsa zimenezi mwaukali kuposa funk. James Brown, amene adadzaimba ku Lusaka mu 1970, ankafuna kuti gulu lonse ligundire limodzi pa chiwerengero choyamba mwa zinayi, ndipo wophonya ankamulipiritsa chindapusa. Mu "Cold Sweat" ya 1967, ng'oma za Clyde Stubblefield ndizo zikuyendetsa zonse. Gitala ndi malipenga nazo zasanduka ng'oma. Larry Graham, mwini luso lomenya besi ndi chala chachikulu, adalitulukira chifukwa cha kusowa: ankaimba ndi mayi ake popanda wang'oma, choncho chala chachikulu chidatenga malo a ng'oma yaikulu, chala cha mkombaphala n'kumakoka nsambo m'malo mwa yaing'ono. Balaka idasankha njira ya reggae, imene nthawi zambiri imasiya chiwerengero choyamba chopanda kanthu n'kugwetsa ng'oma pa chachitatu. Koma lamulo ndi lomwelo: usathamange, mvera mnzako, siya mpata.

Ndiye taonani zimene zidatuluka! A Paul Banda adatsegula situdiyo ya Imbirani Yahwe, ndipo oimba adayamba kukwera basi kuchokera kutali kudzajambulitsa ku Balaka. Mng'ono wawo, malemu Lucius Banda wa m'mudzi mwa Sosola, adatulutsa chimbale cha "Son of a Poor Man" mu 1994, ndipo mu 1997 adakhazikitsa Zembani Band. A Charles Sinetre ndi a Coss Chiwalo nawo adaphukira mu Alleluya momwemo. M'ma 1990 kagundidwe ka ku Balaka kadadzaza maminibasi, magolosale ndi maukwati kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Gulu limene lidayambira pa parishi lidayamba kukwera ndege kukaimba ku Italy. Pa sukulu ya nyimbo ya Andiamo, ku Balaka konko, achinyamata adayamba kuphunzira nyimbo m'kalasi, ndi mphunzitsi.

Tsopano lowani m'maganizo mu holo ya ukwati pa Liwonde, Loweruka madzulo. Pa nsanja pali kagulu ka anthu amene nyimbo si ntchito yawo: wina ndi mphunzitsi wa pulayimale, wina telala wa pakhonde, wang'omayo m'mawa anali pa kabaza. Kale gulu lotere likadayamba ndi kukangana za waya. Lero malaya ndi ofanana, ositidwa bwino, zingwe zakulungidwa mwadongosolo, magitala achunidwa ndi foni mwakachetechete. Wang'oma agunditsa timitengo kanayi. Besi ya "Good Times" ya gulu la Chic ilowa monga adaiyalira Bernard Edwards mu 1979: kugunda katatu, kenaka zii, kenaka n'kukwera. Mu kampata ka zii kameneko ndi m'mene mapewa a anthu amayambira kugwedezeka. Wagitala sakudzionetsa, akungokanda timawu tiwiri mosasintha, nkhope ili mwee. Wang'oma thukuta lili kamukamu, koma liwiro lili pomwe lidayambira.

Akatembenukira ku "September" ya Earth, Wind & Fire, nyimbo yobadwa chaka chimodzi ndi Alleluya Band, mipando imatsala yokha. Ankhoswe ataya ulemu wa jekete, amayi ophika atuluka kuseri ndi zipande m'manja, agogo aimika ndodo pakhoma. Amene adabwera ndi nkhope ya "tiwaone" ndi amene ali patsogolo kufupa. Kukoma konseku sikudagulidwe m'sitolo. Kudaphikidwa m'kachipinda kotentha, usiku ndi usiku akaweruka kuntchito, wabesi ndi wang'oma okhaokha akubwereza kachigawo kamodzi kuchokera pa YouTube, magetsi akazima n'kumapitiriza pogunda ntchafu.

Chosangalatsa koposa n'chakuti kutengera nyimbo za ena si mathero a ulendo. Oimba a Alleluya ndi Zembani adamvetsera zakunja mpaka adapeza mawu awoawo, dziko lonse n'kuwatcha a ku Balaka. Ana a lero ali ndi chuma chomwecho pakhomo: ng'oma za manganje ndi beni zimene zimagwedeza Ntaja ndi Nselema nyengo ya zinamwali. Wabesi amene wadziwa kusiya mpata mu funk, tsiku limene adzaike chala chake chachikulu pansi pa manganje, Malawi adzavinanso nyimbo yatsopano yochokera kuno.