Kapenta wa ku Cahora Bassa: M'mene Anafufuzira Nsomba za Pakati pa Nyanja

Pa msika wa kuno ku Mualadzi, ngakhale m'timisika ta m'mbali mwa msewu wa ku Cassacatiza, simungalephere kupeza amai akugulitsa kapenta pa kambale. Ana a masiku ano amayesa kuti kansomba aka kanali mu Zambezi cikhalire. Koma mukafunsa akuluakulu adzakuuzani kuti paubwana wao ankadziwa matemba, pende, mlamba, mceni ndi nchenga, ndipo kapenta munalibe m'madzi a cigawo cathu ca Tete. Inu atsogoleri a makalasi, nayi mbiri yake: kumene anacokera, m'mene anthu anamufufuzira pakati pa nyanja, ndi cimene cingamuthe.

Nyanja yatsopano

Damu la Cahora Bassa, kufupi ndi Songo, linatsekedwa mu Disembala 1974. Khoma lake ndi lotalika mamita 171. Madzi anabwerera m'mbuyo mpaka ku Zumbo, mtunda wa makilomita pafupifupi 250, ndipo anamiza madimba, manda, midzi ndi nkhalango. Anthu zikwizikwi anali atasamutsidwa kale ndi boma la Apwitikizi kupita ku midzi ya aldeamento.

Nsomba za mumtsinje zinazolowera gombe, miyala ndi bango, motero madzi atacuruka zinakhalabe m'mphepete. Pakati pa nyanja panali tizilombo ting'onoting'ono toyandama, tosaoneka bwino ndi maso, koma wotidya panalibe. Zinali ngati munda wa conde wopanda wokolola.

Bvuto lomweli linaoneka poyamba ku Kariba, kumene damu linatsekedwa mu 1958. Cifukwa cake mu 1967 ndi 1968 a za nsomba a ku Zambia anatenga tiana ta kapenta ku Mpulungu, pa nyanja ya Tanganyika, natinyamula pa ndege kukatithira ku Sinazongwe. Kapenta anaswana kwambiri mu Kariba. Wina anadutsa pa damu pamodzi ndi madzi, natsika ndi Zambezi makilomita oposa 200, kupitirira Chirundu, mpaka kulowa m'nyanja yathu. Ku Cahora Bassa palibe anamubzala, anadza yekha.

Ulendo wofufuza

Nanga anthu anadziwa bwanji kuti pakati pa nyanja pali nsomba zokwanira kuyambira nchito? Msodzi wa bwato la mtengo sapita kutali ndi gombe, pakuti mphepo ikauka pa nyanja yaikuru cotere bwato limagubuduka. Pamafunika ulendo wofufuza.

Msodzi wamba amapita kumene akudziwa kuti kuli nsomba. Ofufuza amalemba mizere pa mapu, nayendetsa ngalawa motsata mizereyo, kaya pali nsomba kaya palibe. Pansi pa ngalawa amamangapo makina otumiza liu m'madzi. Liulo likagunda cinthu limabwerera, monga muja limacitira mukafuula pafupi ndi phiri. M'madzi liu limathamanga mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi imodzi. Tsono likabwerera patapita gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, ndiye kuti layenda mamita 150 kupita ndi kubwera, ndipo pansi pali pa mamita 75. Nsomba zambiri ziri ndi kathumba ka mpweya m'mimba, ndipo kathumbako kamabweza liu bwino, motero gulu la nsomba limaoneka pa makina ngati mtambo. Makina sachula dzina la nsomba. Ofufuza ayenera kuponya ukonde, kuyeza zimene agwira pa sikelo, kupima utali wake, kutumbula zina kuti aone cimene zadya, ndi kulemba zonse m'buku pamodzi ndi malo, tsiku ndi ora. Pamene sanagwire kanthu amalembanso, cifukwa kudziwa popanda nsomba kumapulumutsa mafuta a amene adzabwere pambuyo.

Pa nyanja ya mcere nchito yotere inacitika ufulu utangobwera. Mu 1977 ndi 1978 sitima ya ku Norway yochedwa Dr. Fridtjof Nansen inayendera gombe la dziko lathu kufufuza nsomba, kuphatikizapo madzi osaya a ku Sofala, kumene Zambezi amathira. Ku Cahora Bassa kufufuza kunacitika pakati pa 1982 ndi 1984, nkhondo iri mkati, pogwirizana a Instituto de Investigação Pesqueira ndi bungwe la FAO. Anapeza kuti kapenta wakhazikika ndithu pakati pa nyanja ndipo palibe amene akumugwira.

Mmodzi wa ofufuzawo, Maciej Gliwicz wa ku Poland, anaona cinthu cokondweretsa. Tizilombo tija timabisala pansi usana, ndi kukwera pamwamba kukada. Masiku otsatana ndi mwezi wathunthu, mwezi umacedwa kutuluka. Tizilomboto timakwera mumdima, kenaka mwezi nkutulukira mwadzidzidzi, ndipo kapenta amationa natidya kwambiri. Motero ciwerengero cake cimatsika ndi kukwera mwezi ndi mwezi.

Zomira pansi pa madzi

Asodzi a pa nyanja ya mcere amafunafuna malo amene panamira sitima. Pansi pa mcenga wokhawokha nsomba iribe pobisala, koma pa citsulo comira pamamera ndere ndi tizilombo, tinsomba timadzadya ndi kubisala, ndipo nsomba zazikuru zimatsata tinsombato. Wodziwa malo otere amagwira zambiri ndi mbedza, koma ukonde ukakodwa pamenepo watayika.

Kwathu kuno mitengo ndiyo igwira nchito ya sitima zomira. Ku Kariba, madzi asanadze, madera ena anagwetsa mitengo ndi macheni okokedwa ndi mathirakitala kuti pakhale pochera maukonde. Ku Cahora Bassa mitengo yambiri inamira iri ciimire. Pende amakonda pamenepo, ndipo ndiye amene amang'ambidwa, kuthiridwa mcere ndi kuumitsidwa, nakhala nsomba ija timaicha cikowa, dzina locokera ku Chicoa. Koma zitsa zomwezo zimang'amba maukonde ndi kuboola mabwato, makamaka madzi akatsika.

M'mene amagwirira

Zimene ofufuza analemba zinadikira mtendere wa pa 4 Okutobala 1992. Pambuyo pake makampani, ena ocokera ku Zimbabwe kumene nchitoyi inali itayamba kale, anabweretsa mabwato acitsulo, makamaka ku mbali ya kum'mawa kwa nyanja. Bwato lotere limakhala ndi ukonde wa maso ang'ono womangidwa pa mkombero waukuru wacitsulo. Usiku amatsitsa ukondewo m'madzi, nayatsa magetsi pamwamba ndi pansi pa madzi. Kapenta akasonkhana pa kuwala amazimitsa a pamwamba kuti atsikire ku getsi la pansi, ndipo amakweza ukonde. Mwezi ukawala kwambiri amagwira pang'ono, pakuti getsi silimukokanso. M'mawa amamuthira mcere ndi kumuyanika pa thandala. Makilo atatu a kapenta wamuwisi amatulutsa pafupifupi kilo imodzi ya wouma. Pa zaka zambiri nyanjayi yapereka matani oposa 10,000 pa caka.

Cimene cingamuthe

Kapenta wa m'madamu amakula masentimita asanu kapena asanu ndi limodzi, amayamba kuswana ali ndi miyezi yocepa, ndipo ambiri sapitirira caka cimodzi. Ici ndi cabwino, cifukwa amabwerera msanga. Komanso ncoopsa, cifukwa palibe nkhokwe ya nsomba zakale: mukaononga mbeu ya caka cino, ca mawa mulibe. Tiana take timakulira m'madzi osaya, ndiye cifukwa cake ku Kariba lamulo limaletsa kugwira kapenta pa madzi osafika mamita 20. Mabwato akacuruka, liri lonse limagwira zocepa, mafuta osacepa, ndipo eni ake amayamba kuzembera ku malo oswanira. Cilala naconso cimacepetsa, pakuti cakudya ca tizilombo tija cimadza ndi madzi a m'mitsinje.

Ife a ku Chifunde tisati nza kunyanja izi. Anyamata athu amapita kukagwira nchito pa mabwato amenewa, amai athu amalipirira ana sukulu ndi phindu la pa kambale kaja, ndipo mwezi wa njala kapenta ndiye ndiwo imene wosauka angakwanitse. Ndiponso cimene cimaononga kunyanja ncimodzimodzi ndi cimene ticita mu Luia ndi mu Kapoche pokokola tiana ta nsomba ndi neti ya udzudzu, kapena pothira mankhwala m'maiwe.

M'kalasi mwanu mungayese izi. Pemphani ophunzira achule maina a nsomba zonse za m'mitsinje yathu, muwalembe pa bolodi, ndipo akuluakulu anene zimene zinalipo kale koma tsopano zikusowa. Ngati alipo wina amene kwao kunamira mu 1975, kapena amene anagwirapo nchito pa mabwato a kapenta, afotokoze, wina alembe, ndipo mutumize kuno kuti tisindikize.