Mapira opirira tizilombo: funsani kaye kuti tizilombo take titi

Nyengo yobzala ikamayandikira, ambiri ife a m'tauni timagula mbewu n'kutumiza kumudzi. Wogulitsa akangoti "mapira awa sagwidwa ndi tizilombo", ndalama yatuluka. Ine ndikuti dikirani kaye. Palibe mtundu wa mapira umene umapirira tizilombo tonse, chifukwa kachilombo kalikonse kali ndi nthawi yake komanso malo ake pa mbewu.

Tiyambe ndi mmera. Pali kantchentche kamene kamaikira mazira kunsi kwa masamba mapira asanathe mwezi. Mphutsi yake imalowa n'kudula mtima wa mmera, tsamba lapakati n'kuuma. Akatswiri a bungwe la ICRISAT, lomwe likulu lake lili ku Patancheru ku India ndipo kwathu kuno limagwira ntchito ku Chitedze, anapeza kuti mitundu ya masamba onyezimira, okhala ndi tiubweya kunsi, sigwidwa kwambiri ndi kantchentcheka.

Mapira akakula kumabwera kapuchi woboola phesi, ndi mbozi zija zachilendo zinavuta mu 2017, zomwe zimakonda chimanga koma mapira siziwasiya. Apa kupirira nthawi zambiri kumatanthauza kuti mbewu yadyedwa ndithu, koma yaphukanso n'kubereka.

Nthawi ya maluwa ndiye pali kachilombo kofiirira, kochepa kuposa udzudzu, komwe kamaikira mazira m'duwa. Ngala imaoneka bwinobwino, koma ukaifikisa m'manja ndi mankhusu okhaokha. Mitundu ya mankhusu aafupi, othina, imakavuta kuikira. Nazonso ngala zomasuka, zoti mphepo ikudutsa, sizisunga mbozi zambiri ngati ngala zothithikana.

Pomaliza ndi m'nkhokwe. Nankafumbwe amavutika kuboola njere zolimba, pomwe zofewa zaufa amazimaliza msanga. Ndiye mtundu ukhoza kupambana kumunda, n'kudzagonja uli m'thumba.

Chitetezo china chili ndi mtengo wake. Mapira ena ofiira amakhala ndi kakhambi kamene mbalame sizikakonda, koma kakhambi komweko kamamvekanso mu nsima. Mmera waung'ono nawonso uli ndi poizoni wachilengedwe, n'chifukwa chake mbuzi kapena ng'ombe ikadya mapira anthete kapena ophukira pachitsa imatha kufa.

Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, komwe mapira ndi chakudya chenicheni, alimi amadziwa mitundu yamakolo ngati Thengalamanga komanso yamakono ngati Pilira 1 ndi Pilira 2. Dzina lakuti Pilira n'labwino, koma dzina palokha silikuuzani ngati mbewu ikupirira chilala, mbozi kapena nankafumbwe.

Choncho musanatumize mbewu, imbani foni kumudzi mufunse: chaka chatha mapira anaonongekera pati, ali mmera, pa ngala, kapena m'nkhokwe? Yankho limenelo mupite nalo kwa alangizi a zaulimi, osati kwa wogulitsa yekha. Muwakumbutsenso akumudzi kubzala msanga komanso nthawi imodzi ndi anzawo oyandikana nawo minda, poti munda wochedwa kuchita maluwa ndi umene umalandira tizilombo tonse toswana m'minda ya anzawo. Ndipo ngati vuto lili m'nkhokwe, mwina ndalamayo ipite ku matumba osalowa mpweya aja a PICS, mbewu ikhale yomweyo.