Mzimu Woyera mu mpingo woyamba

Akhristu oyambirira ankakhulupirira kuti Mzimu Woyera ndiye ankatsogolera mpingo Yesu atakwera kumwamba. Nkhani zambiri zokhudza ntchito yake zimapezeka m'buku la Machitidwe a Atumwi ndi m'makalata a Paulo.

Malinga ndi Machitidwe 2, Mzimu anatsikira ophunzira a Yesu ku Yerusalemu pa tsiku la Pentekoste, chikondwerero cha Ayuda chochitika masiku 50 Pasika itadutsa. Iwo analankhula zilankhulo zina, ndipo Petro atalalikira, anthu pafupifupi 3,000 anabatizidwa.

Funso lalikulu pa nthawiyo linali lakuti kodi anthu osakhala Ayuda angalowe mumpingo osadulidwa. Petro ataona kuti Korneliyo, msilikali wachiroma, walandira Mzimu pamodzi ndi a m'nyumba mwake, analamula kuti abatizidwe. Zimenezi zinathandiza msonkhano wa ku Yerusalemu kugamula kuti mdulidwe usakakamizidwe pa anthu a mitundu ina.

Mphatso za Mzimu zinabweretsanso mikangano. Ku Korinto, Paulo analangiza kuti uneneri ndi malilime zichitike mwadongosolo, polimbikitsa mpingo wonse. M'zaka za m'ma 100, Montanus wa ku Phrygia ananena kuti Mzimu akupereka maulosi atsopano kudzera mwa iye, koma mabishopu ambiri anakana gulu lakelo.

Pambuyo pake ena ankaphunzitsa kuti Mzimu ndi cholengedwa chabe. Basil wa ku Caesarea analemba buku lotsutsa maganizowa, ndipo mu 381 msonkhano wa ku Constantinople unavomereza kuti Mzimu apembedzedwe pamodzi ndi Atate ndi Mwana.